Ukwati wa mu Ogasiti

Basi yopita ku yunivesite inali itachedwa, ndipo mphepo ya mu Novembala inkaluma makutu. Chawezi anaima pa siteji pakatikati pa tauni ya South Bend, manja ali m'matumba a jekete, akupondaponda pansi kuti zala za kumapazi zisafe dzanzi. Anali atakhala ku Indiana zaka zitatu, koma chisanu chake sanachizolowere, ndipo analibenso maganizo oti adzachizolowera.

"Basi imeneyi koma! Bola minibasi za kwathu, zimakuchedwetsa uli padzuwa," anadandaula yekha mokweza, poganiza kuti palibe amene angamve chinenero chake.

"Zoona, achemwali. Ndiponso kondakitala amachita kukulandirani chikwama."

Chawezi anatembenuka msanga. Kumbuyo kwake kunaima mwamuna wamtali, wa kampata pakati pa mano akutsogolo, akumwetulira ngati munthu amene watola chinthu panjira.

"Pepani, ndakudzidzimutsani. Ndine Sosten, kwathu ndi ku Balaka. Ndimakhala ku Indianapolis, ndimathandiza anamwino pachipatala china kumeneko. Kuno ndangobwerera maphunziro a masiku awiri."

"Ndine Chawezi. Ndinakulira ku Zomba."

"Nanga kuno mumatani, a Chawezi a ku Zomba?"

"Ndimatchera msampha."

"Wa mbewa? Kuzizira konseku mbewa zimatuluka?"

Chawezi anaseka, ndipo anadabwa kumva kuseka kwake komwe, pakuti panali patapita nthawi asanaseke chotero. Anafotokoza kuti akuchita digiri ya udokotala wa sayansi, ndipo msampha wake ndi chitsulo chonga mphika wotsekeka, chimene anachipopa mpweya wonse.

"Timatenga mamolekyu a kaboni, yemwe uja ali m'makala ndi m'mwaye. Ndi aang'ono zedi, maatomu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ogwirana. Timawapatsa tchaji, ndiye magetsi a msamphawo amawagwira m'malere osakhudza chitsulo. Ntchito yanga ndi kudikira, ndione kuti akhala nthawi yaitali bwanji asanasweke."

"Mumawaona ndi maso?"

"Ayi. Ikasweka imodzi, chidutswa chake chimathawa mumsampha n'kukagunda makina owerengera. Ine ndimangowerenga kugundako."

"Ndiye ndinu mlenje wosaona nyama yake," anatero Sosten. "Mlenje wokongola chonchi sindinamuonepo."

Basi inabwera, inaima, inatsegula chitseko, n'kunyamuka. Chawezi, mtsikana amene sankachedwa ku labu, chipinda chawo chofufuzira, ngakhale ndi mphindi imodzi, anaiona ikupita ndipo sanadandaulenso.

Anapatsana manambala, ndipo madzulo a tsiku lomwelo foni inalira ndi uthenga wa Sosten. "Mlenje wanga, wafika bwino? Ine ndakodwa kale, ndipo sindikufuna kuwonjoka."

Anawerenga uthengawo kanayi. Tinene zoona, Chawezi anali wanzeru za m'kalasi, wotha kuona cholakwika m'masamu a aprofesa ake, koma pa nkhani za mtima anali mwana. Kuyambira ku sekondale anthu ankamutcha "wamabuku", ndipo anyamata ankamuopa monga amaopera mayeso. Ndani anamutchulapo dzina lokoma?

Chibwenzi chinayamba chotero. Loweruka limene Sosten analibe shifiti ankayendetsa galimoto maola atatu kubwera ku South Bend, atanyamula chakudya cha ku shopu ya zakudya za ku Afirika. Ankakhala pa mpando wa pakona mu labu, kumvetsera kulira kwa mapampu opopa mpweya, kuyang'ana Chawezi akulemba manambala m'buku lake lalikulu. Nayenso Chawezi ankamuphunzitsa kemisitire, chifukwa Sosten ankakonzekera mayeso oti akhale namwino weniweni, ndipo phunziro limenelo linali litamugwetsapo kale.

"Iwe ndiwe dalitso langa," ankatero Sosten. "Tsiku limene ndidzakusiye, dzuwa lidzatulukira kumadzulo."

Nthawi zina Chawezi ndiye ankakwera basi kupita ku Indianapolis. Ankakumana pa lesitilanti ina ya pa Lafayette Road, kudya, kucheza, mpaka nthawi yoti abwerere. Kunyumba kwa Sosten sanapondeko.

"Timakhala anyamata atatu, duwa langa, nyumba yake ngati khola. Komanso ndife Akhristu, tisadziike m'mayesero. Udzalowa m'nyumba yanga utavala zoyera."

Anapemphanso kuti nkhani yawo isamveke kaye. "Amalawi a kuno pakamwa, ukuwadziwa. Zikamveka ku Balaka kudzera m'miseche amalume adzakhumudwa. Tidikire ankhoswe ayambe adziwa."

Chawezi anaona kuti umenewu ndiwo ulemu. Ndiponso iye analibe nthawi ya misonkhano ya Amalawi, moti ngakhale akanafuna kuulula, akanaululira ndani? Mapampu a mu labu?

Chaka chinatha. Sosten anakhoza mayeso aja, ndipo tsiku limene zotsatira zinatuluka anabwera ku South Bend, namupeza Chawezi akutuluka m'chipinda chophunzirira. Munali mu Januwale 2016, kunja kuli mbuu ndi chipale. Anamugwira manja onse awiri.

"Mlenje wanga, udifenda liti?"

"Aprofesa akuti ndikapeza zotsatira zomveka pofika Meyi, ndikhoza kudifenda mu Julaye, kuima pamaso pawo kuteteza kafukufuku wanga."

"Ndiye tamvera. Ukangodifenda, Ogasiti yemweyu ndikukwatira. Amalume ndawauza kale, akungodikira ndiwapatse tsiku loti akaonane ndi akwanu. Iwe maliza sukulu, zina zonse undisiyire."

Misozi inalengeza m'maso mwa Chawezi. Anakondwa, kukondwa kwenikweni kumene kumamupangitsa munthu kuiwala kuti waima pa chisanu. Sabata yomweyo analephera kuugwira mtima, anaimbira mayi ake ku Zomba n'kuwanong'oneza. Mayiwo analulutira pa foni, ndipo pasanathe masiku anatumiza zithunzi za nsalu zitatu kuti mwana wawo asankhepo ya pa chinkhoswe.

Kuyambira pamenepo mwezi wa Ogasiti unakhala pamaso pa Chawezi ngati chikwangwani. Chilichonse chimene ankachita mu labu ankachiyeza ndi mweziwo.

Funso limene ankafufuza linali lakuti: molekyu ya kaboni yotentha ikagwidwa mumsampha, imasweka msanga kapena imatha kudzipulumutsa? Akatswiri ena ankati ikhoza kutulutsa kuwala pang'onopang'ono, kuzizira, n'kukhazikika osaswekanso. Chawezi akanaonetsa zimenezi pa mamolekyu ake, digiri inali m'manja.

Mu Malichi makina anayamba kumuuza zimene mtima wake unkafuna kumva. Akadzaza msampha, makina owerengera ankagunda mofulumira poyamba, kenako n'kumachepa, ndipo pakangotha masekondi ochepa ankangoti zii. Palibe chidutswa chinanso. Anabwereza kambirimbiri, tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zonse zinali chimodzimodzi.

"Azizira!" anatero yekha. "Asiya kusweka chifukwa akhazikika."

Panali chinthu chimodzi chimene aliyense wogwira ntchito ndi misampha yotere amayenera kuchita. Pamapeto amatsegula msamphawo dala, kukhuthulira zonse zotsala pa makina owerengera, kuti atsimikize kuti mkatimo munalidi kanthu. Koma pa makina awo akalewo, kuti achite zimenezi ankayenera kusintha mawaya n'kutchunanso zonse kuchokera poyamba, ntchito ya masiku atatu kapena anayi, mwinanso sabata. Chawezi anayang'ana kalendala, anayang'ana manambala ake okongola, n'kunena mumtima kuti adzachita pambuyo pake. Aprofesa anali paulendo wa misonkhano, ndipo anangomulembera kuti zotsatirazo ndi zosangalatsa ngati wazitsimikiza.

Nthawi yomweyi maulendo a Sosten anayamba kuchepa. Kuyambira mu Febuluwale anabwera kawiri kokha.

"Bebi, andipatsa mashifiti owirikiza. Ndikukumisa koopsa. Pirira, Ogasiti ali pafupi."

"Usamaimbe madzulo, duwa langa, ndimakhala ndatopa. Ndizikukola ine ndikakhala pa buleki."

Chawezi sanadandaule. Ankangoyamika kuti anapeza mwamuna womvetsa, wosalimbana ndi ntchito yake. Anzake ankalira ndi zibwenzi zokanganakangana, koma iye ndi Sosten sanakanganepo ngakhale kamodzi. Kodi umenewo si ndiwo mtendere umene anthu amaupempherera?

Mu labu munali bambo wina wachikulire wa ku America komweko, a Dixon, amene anakonza makina a mmenemo kwa zaka makumi atatu. Sankalankhula kawirikawiri. Lolemba lina mu Meyi anaima kumbuyo kwa Chawezi, kapu ya khofi ili m'manja, n'kuyang'ana chithunzi cha zotsatira pa kompyuta kwa nthawi yaitali.

"N'zokongola," anatero m'Chingerezi chawo chapansipansi. "Unakhuthula liti komaliza?"

"Mu Disembala, bambo."

"Ndiye kuti chete uyu sunamufunse kuti akutanthauza chiyani."

"Makina akuyenda bwino. Ndabwereza kambirimbiri."

"Mwana wanga, makina owerengera amakhala chete pa zifukwa ziwiri. Mwina palibe chikusweka, mwina mulibe chilichonse. Tsegula uone. Ndikuthandiza kusintha mawaya."

Anagwira ntchitoyo masiku awiri. Lachitatu m'mawa, nthawi ili cha m'ma 9, Chawezi anadzaza msampha, anadikira masekondi makumi awiri, n'kukanikiza batani lotsegulira. Anayembekezera kuona mzere wautali ukudumpha pa kompyuta.

Mzerewo unangogona pansi.

Anabwereza. Anachepetsa nthawi. Pa sekondi imodzi mamolekyu analimo ambiri. Pa masekondi atatu anali atachepa. Pa masekondi asanu munalibe ngakhale imodzi. A Dixon anayeza magetsi mbali zonse napeza kuti kabokosi kena kopereka mphamvu kanafooka, ndipo kankalola mamolekyu kutayika mwakachetechete kukagunda zipupa za chitsulo, kumene makina owerengera sankawaona. Kwa miyezi iwiri ndi theka Chawezi anakhala akulondera msampha wopanda kanthu.

Chawezi anakhala pansi. Manyazi anamugwira, ndipo chisoni chinabwera pambuyo pake.

"Si iwe woyamba," anatero a Dixon. "Bola wadziwa usanaime pamaso pa aprofesa. Kabokosi tisintha, uyambirenso. Udzamaliza, kungoti si chaka chino."

Si chaka chino. Mawu amenewo ndiwo anamubaya. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, koma iye sanali kuganiza za miyambi. Ankaganiza za Sosten, munthu amene ankadzipha ndi mashifiti pokonzekera Ogasiti, za amalume a ku Balaka amene ankadikira tsiku, za nsalu ya mayi ake. Akanamuuza bwanji kuti wawononga zonse ndi phuma lake?

Anamuimbira foni, koma sinayankhidwe. Analemba uthenga: "Wapamtima, zandivuta. Ndikufuna tilankhulane." Panadutsa theka la ola opanda yankho. Nkhani yotereyi, anaganiza, si ya pa foni. Ayenera kukamupepesa maso ndi maso. Adiresi ya kunyumba kwake anali nayo, popeza ndi iye amene anamudzazira fomu ya mayeso aja. Za khola la anyamata atatu analibe nazo ntchito tsiku limenelo.

Anakwera basi ya masana. Njira yonse, akudutsa minda yongobzalidwa kumene, ankakonza mawu. "Sosten, undikhululukire. Tingasunthe ukwati kufika chaka chamawa? Kapena tikwatirane basi, sukulu ndimalize ndili kwako?" Ankaopa kuti akhumudwa. Ankalimba mtima pokumbukira za dzuwa lotulukira kumadzulo lija.

Itangokwana 4 koloko anaima pa chitseko cha nyumba ya pamwamba, m'mdadada wina pafupi ndi Lafayette Square. Anagogoda.

Anatsegula ndi mayi wamng'ono thupi, wa nkhope yofatsa, atamanga chitenje pamwamba pa thalauza. Kumbuyo kwake kunasuzumira kamtsikana ka zaka ngati zisanu.

"Odi," anatero Chawezi, atasokonezeka. "Pepani, mwina ndasochera. Ndimafuna a Sosten."

"Eee, Mmalawi mnzanga!" Nkhope ya mayiyo inawala. "Simunasochere, lowani. Ali ku ntchito koma akufika posachedwapa. Ine ndine Evelina, mayi a kunyumba kwawo. Belinda, tapereka moni kwa azakhali."

Kamtsikanako kanagwada pang'ono n'kumwetulira. Pakati pa mano ake akutsogolo panali kampata.

Chawezi sanadziwe kuti analowa bwanji. Anangozindikira atakhala pa sofa, chikwama chili pamiyendo. Nyumbayo inali yaukhondo, makatani ochapa, pa khoma pali chithunzi cha Sosten atavala malaya a nsalu yofanana ndi diresi la Evelina, khanda lili m'manja. M'makutu mwake munkalira ngati mapampu a ku labu.

"Dzina lanu ndani, achemwali?"

"Chawezi."

Evelina anawomba m'manja. "A Chawezi a ku South Bend? Asayansi aja? Mulungu ndi wamkulu, ndimafunitsitsa nditakuonani. Bambo a Belinda anandiuza kuti kuli mlongo wina wa kwathu amene anawaphunzitsa kemisitire kwaulere. Pakanapanda inu sakanakhoza, ndipo ife bwenzi tikadali ku Balaka. Ntchito yabwino ija ndi imene inathandiza kuti mapepala athu ayende."

Anapita kukhitchini n'kubwera ndi tiyi ndi mandasi. Anagwada popereka, monga achitira kwawo kwa mlendo wolemekezeka. Chawezi analandira kapu ndi manja awiri.

"Munafika liti?" anafunsa.

"Mu Febuluwale, mkati mwa chisanu. Zaka zisanu, achemwali, ndikudikira. Anachoka mwanayu ali wa m'manja. Anthu ankandiseka, amvekere mwamuna wapita ku America sabwerera, wakwatira kale mzungu. Koma iwo tsiku lililonse uthenga: duwa langa, pirira. Ndiye ine ndinkapirira."

Chawezi anatsitsa kapu pa tebulo. Zinamuwawa kuposa chithunzi cha pakhoma chija. Ngakhale dzina lokomalo silinali lake yekha.

"Chinkhoswe tinachita, ku boma tinalembetsa asananyamuke," anapitiriza Evelina, "koma ku tchalitchi sitinadalitse. Ndiye anandilonjeza kuti ndikangofika tidzadalitsa konkuno. Abuka kale holo, mu Ogasiti." Anasendera pafupi, mwamanyazi. "Mundikhululukire, tangodziwana lero, koma ine kuno ndilibe m'bale, Chingerezi chimene chikundivuta. Inu mwatichitira zazikulu. Simungadzandiimire kumbuyo tsiku limenelo, mukhale wondiperekeza?"

Chawezi anamuyang'ana. Anafunafuna pa nkhope ija chinyengo kapena chipongwe, chilichonse chomuthandiza kuti amude mayiyu, koma sanachipeze. Anali mkazi wachimwemwe amene wapeza mnzake m'dziko lachilendo.

Asanayankhe, kiyi inalira pa chitseko.

Sosten analowa atavala yunifolomu ya ku chipatala, akuimba kanyimbo. Belinda anathamanga n'kumukumbatira miyendo. Sosten atakweza maso n'kuona amene wakhala pa sofa, nyimbo inathera pomwepo. Koma munthuyu anali ndi luso lake. Mwakanthawi kochepa kumwetulira kunabwerera.

"Aa, achemwali a Chawezi. Mwatiyendera? Bwanji osatiuza?"

"Ndinaimba," anatero Chawezi. "Simunayankhe."

"Ndinali ndi odwala, mukudziwa ntchito yathu. Mayi a Belinda, awa ndi aja ndinkakuuzani."

"Tadziwana kale," anatero Evelina mokondwa. "Ndawapempha adzandiperekeze mu Ogasiti."

Sosten anaseka kuseka kouma. "Amakhala otanganidwa awa. Achemwali, tiyeni ndikuonetseni mabuku anu aja, ali m'galimoto."

Chawezi anaimirira n'kumutsata, osati chifukwa cha mabuku amene kunalibe, koma chifukwa cha mwana amene ankawayang'ana. Atangotseka chitseko, ali pa masitepe, Sosten anamugwira mkono.

"Mlenje wanga, tamvera, ndikulongosolera. Zinthu zake si mmene ukuzionera. Ukwati uwu anandikakamiza ndi akwathu. Mtima wanga uli kwa iwe, Mulungu akudziwa."

"Ndisiyeni mkono, bambo a Belinda."

"Usanditchule choncho, bebi."

"Nanga ndikutchuleni chiyani? Ogasiti munandipatsa ine ndi uti? Holo yake yomweyo? Mumati mudzatani tsiku likadzafika, mudzatiimika tonse awiri?"

Sosten anayang'ana pansi. "Ndimafuna ndikuuze. Ndinkangodikira udifende kaye, kuti ndisakusokoneze sukulu."

"Sukulu mwaisokoneza kale. Ndinathamangitsa ntchito yanga kuti ndisakuchedwetseni, ndalakwitsa, ndipo chaka chonse chapita. Mukudziwa chimene ndadzera kuno? Ndadzera kudzakupepesani. Maola atatu m'basi ndikuloweza mawu oti mundikhululukire." Sanakweze mawu. "Mayi anga agula kale nsalu. Amalume anu a ku Balaka aja, munawauzadi?"

Sosten anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Chabwino," anatero Chawezi.

"Ndikupempha chinthu chimodzi, duwa langa. Usamuuze. Wangofika kumene, alibe wina aliyense kuno. Umupha. Iwe pita, ndikukola mawa tikambirane bwinobwino. Palibe chimene chasintha pakati pathu."

Apa Chawezi anayang'ana kumunsi. Kunali kosavuta kutsika masitepe aja, kukakwera basi, kukalirira kwake. Evelina akanakhala ndi chimwemwe chake, akanavala zoyera mu Ogasiti, akanapitiriza kuuza anthu kuti mwamuna wake sanamukhumudwitsepo. Kodi iye anali ndani kuti aphwanye nyumba ya mwini? Komanso anaganiza za mkazi uja akugwada ndi tiyi pamaso pa chibwenzi cha mwamuna wake, akuthokoza. Anaganiza za mawu akuti "palibe chimene chasintha", ndipo anazindikira kuti Sosten ankanena zoona zake. Akanapitiriza, ngati si ndi iye, ndi wina wopezeka pa siteji ina.

Anatembenuka n'kugogodanso.

"Chawezi, chonde," ananong'ona Sosten.

Evelina anatsegula, akumwetulirabe. "Mabuku mwawapeza?"

"Mayi a Belinda," anatero Chawezi, "mwandilandira bwino kuposa mmene ndikuyenera. Sindingathe kudzakuperekezani, ndipo chifukwa chake muyenera kuchidziwa. Mwanayo apite kaye kuchipinda."

Kumwetulira kunazimiririka pang'onopang'ono. Evelina anayang'ana Chawezi, kenako mwamuna wake amene anaima pa masitepe manja ali lende, thukuta lili pamphumi.

"Belinda, pita ukaonere makatuni kuchipinda. Utseke chitseko."

Mwana atapita, Chawezi anatembenukira kwa Sosten. "Muwauza nokha, kapena ndiwauze ine?"

Sosten anatsegula pakamwa. Munthu amene mawu okoma ankangotuluka ngati madzi a pampopi, tsiku limenelo analibe ngakhale limodzi.

Chawezi anatulutsa foni, anatsegula mauthenga a chaka ndi theka, n'kuipereka ndi manja awiri. "Sindinkadziwa kuti muliko, Mulungu ndi mboni. Anandiuza kuti amakhala ndi anyamata anzawo. Inenso anandilonjeza Ogasiti."

Evelina anawerenga ataimirira pomwepo. Chala chake chinkayenda pang'onopang'ono, kukwera, kukwera. Sanalire, sanatukwane. Atafika penapake anaima.

"Pa 9 Febuluwale," anatero motsitsa. "Akuti, ndikukumisa koopsa, pirira. Tsiku limeneli ndi limene anabwera kudzatilandira ku bwalo la ndege. Ananyamula maluwa."

Anabweza foni. Anamuyang'ana Chawezi m'maso, ndipo m'maso mwakemo munalibe chidani, munali kutopa kwa zaka zisanu.

"Zikomo, achemwali. Pitani bwino, basi ingakusiyeni." Kenako anatsegula chitseko kwambiri n'kupatuka. "Bambo a Belinda, lowani."

Chawezi anatsika masitepe akugwira chitsulo cha m'mbali. Ali pakati anamva chitseko chikutsekedwa pamwamba, kenako kunamveka kulira kwa mkazi, kotsika, kwa munthu amene akudziletsa kuti mwana asamve. Pamenepo ndi pamene misozi yakenso inatuluka. Anakhala pa sitepe yomaliza, nkhope ili m'manja, n'kulira limodzi ndi mkazi amene anali kuseri kwa khoma.

Atatha anapukuta m'maso n'kuyang'ana nthawi. Ku Zomba kunali kutada kale, mayi ake anali atagona. Anali ndi maola ochepa oti apeze mawu owauzira kuti nsalu ija asaipereke kwa telala.